Kuika flasher wrasse m'thanki yaing'ono ya makorali

Pa nsomba zonse za m'nyanja yamchere zimene anthu amaweta m'mathanki agalasi, ndi zochepa zimene maonekedwe ake m'sitolo amasiyana kwambiri ndi apachithunzi ngati flasher wrasse. Pachithunzi mumaona kansomba kofiirira ka mizere yabuluu yonyezimira, katatambasula zipsepse zonse mpaka kuoneka kakakulu kuposa msinkhu wake weniweni. Mukafika kwa wogulitsa mumapeza kansomba kotuwa, kopinda zipsepse, katabisala kuseri kwa paipi pakona ya thanki, ndipo mumayamba kukayikira ngati ili nsomba imodzimodziyo. Ndi yomweyo ndithu. Kukongola kwa nsomba imeneyi ndi khalidwe limene imaonetsa pa nthawi yake, ikakhala yokhuta, yosaopsezedwa, ndiponso ikakhala ndi malo othamangamo, kotero kuti mwini thanki ndi amene amachititsa kuti kukongolako kuoneke kapena kusaoneke. Ndaika imodzi m'thanki yanga yaing'ono ya makorali, tizamoyo ta m'nyanja yamchere tooneka ngati zomera kapena miyala, ndipo ndikufuna kufotokoza zimene ndinaganizira ndisanatero komanso zimene ndikuona kuti munthu sayenera kuzinyalanyaza.

Nsomba zimenezi ndi za gulu limene asayansi amalitcha Paracheilinus, la m'banja lalikulu la Labridae. Gululi linapatsidwa dzina mu 1955 ndi katswiri wa ku France, Pierre Fourmanoir, pofotokoza mtundu wa ku Red Sea wotchedwa Paracheilinus octotaenia, ndipo lero mitundu yodziwika ilipo pafupifupi 20, yomwazikana kuyambira kugombe la kum'mawa kwa Africa mpaka kuzilumba za m'nyanja ya Pacific, koma yochuluka ili ku Indonesia ndi ku Philippines. Zambiri sizipitirira masentimita 8 kapena 9 kutalika. Sizikhala pamwamba penipeni pa matanthwe a makorali pamene alendo osambira amakonda kujambula, koma cham'munsi, pamalo otsetsereka odzala ndi zibenthu za makorali akufa, kawirikawiri pakuya kwa mamita 10 mpaka 40, pamene madzi amayenda mosalekeza. Masana zimakwera pang'ono pamwamba pa zibenthuzo m'magulu, n'kumatola tizamoyo ting'onoting'ono tobwera ndi madzi, ndipo chinthu chikaziopseza zonse zimathawira pansi m'mipata nthawi imodzi. Amene amaidziwa nyanja ya Malawi angamvetse moyo umenewu akaganizira utaka, umene umayenda m'magulu n'kumadya zoyandama m'madzi, mosiyana ndi mbuna zambiri zimene zimakanirira pamiyala n'kumapala ndere. Mfundoyi ndi yofunika kwa aliyense amene anazolowera kuweta mbuna, chifukwa chizolowezi chodzaza thanki ndi miyala mpaka pamwamba, chimene mbuna zimakondwa nacho, chimailanda nsomba iyi malo amene imawafuna koposa.

M'magulu amenewa mumakhala zazikazi zambiri ndi zazimuna zochepa. Yaikazi yaikulu ndi yamphamvu imatha kusintha n'kukhala yaimuna mpata ukapezeka, mwachitsanzo yaimuna yolamulira ikagwidwa ndi nsomba yolusa, ndipo kusinthako kumabwera ndi mtundu wowala komanso zipsepse zazitali. Dzuwa likapendeka, yaimuna imayamba kuthamanga mwaliwiro pakati pa zazikazi, kenako imatambasula mwadzidzidzi chipsepse chapamsana, chakunsi ndi chakumchira, ndipo kwa masekondi owerengeka mizere yabuluu imawala kwambiri, mbali zina za thupi zimayera kapena kufiira koposa, kenako zonse zimabwerera mwakale. Imachita zimenezi pokopa zazikazi ndiponso pochenjeza zazimuna zinzake. Yaikazi ikalola, ziwirizo zimathamangira m'mwamba limodzi n'kutulutsa mazira ndi umuna m'madzi, ndipo madziwo amanyamula mazirawo kupita nawo kutali, popanda chisa kapena kulera ana. Chinanso chimene chimandichititsa chidwi ndi diso lake. Kachikopa koonekera mkati kamene kamaphimba kutsogolo kwa diso n'kogawika pawiri, ndipo akatswiri amaganiza kuti mbali imodzi imathandiza kuona tinthu tapafupi kwambiri, zimene zili zoyenera kwa nsomba yodya tizamoyo tovuta kuona ndi maso a munthu.

Mtundu umene ndinasankha ndi Paracheilinus mccoskeri. Unafotokozedwa mu 1977 ndi John Randall pamodzi ndi Mireille Harmelin-Vivien kuchokera ku nsomba zogwidwa kuzilumba za Comoros, kumpoto kwa chigawo cha nyanja cholekanitsa Mozambique ndi Madagascar, ndipo unapatsidwa dzina la John McCosker wa ku California Academy of Sciences, amene anapita kuzilumbazo mu 1975 kukafunafuna nsomba yakalekale ija yotchedwa coelacanth. Ogulitsa ambiri amausokoneza ndi mitundu ina iwiri yofanana nawo, ndipo ndi bwino kudziwa powasiyanitsira. Yaimuna ya mccoskeri ili ndi kaulusi kamodzi kokha kotalika pachipsepse chapamsana, ndipo chipsepse chakunsi, pafupi ndi mchira, n'chofiira cham'mphepete. Paracheilinus carpenteri ya ku Philippines, imene Randall ndi Roger Lubbock anaifotokoza mu 1981, imakhala ndi timaulusi tiwiri mpaka tinayi. Paracheilinus flavianalis ya ku Indonesia, yofotokozedwa mu 1999 ndi Rudie Kuiter ndi Gerald Allen, imadziwika ndi chipsepse chakunsi chachikasu. Mitundu itatuyi imasamalidwa mofanana ndipo uliwonse ungakhale m'thanki yaing'ono. Umene sindingaulangize ndi octotaenia wa ku Red Sea uja, chifukwa umakula kuposa inzake ndipo umadziwika ndi ukali, khalidwe limene m'thanki yochepa malo limabweretsa mavuto mwamsanga.

Pa kukula kwa thanki, oweta nsomba sagwirizana. Ena amati malita 110 ndi okwanira, ena amati musayambe ngati mulibe malita 200 kapena kuposerapo. Ine ndimaona kuti kuwerenga malita okha kumasocheretsa, chifukwa chimene nsombayi imafuna ndi mtunda wothamanga molunjika. Thanki yaitali masentimita 90 ndiyo yochepetsetsa imene ndingavomereze, ndipo timathanki tambali zonse zofanana, ta masentimita 40 kapena 45, timene tatchuka kwambiri kwa oweta makorali, sitiyenera nsomba iyi ngakhale madzi ake atakhala abwino chotani. M'kathanki kotero yaimuna ikangoyamba liwiro yafika kale pagalasi, ndipo zotsatira zake ndi milomo yotupa, nthawi zina kuvulala msana, kapena nsomba imene yangosiya kuthamanga n'kumakhala pamalo amodzi. Thanki yanga ndi ya masentimita 90 m'litali, 45 m'lifupi ndi 50 msinkhu, zimene zimapereka malita pafupifupi 200 musanaikemo miyala ndi mchenga. Miyala ndinaiunjika m'milu iwiri yaifupi yokhala ndi mipata yambiri, ndipo theka lapamwamba la madzi ndinalisiya lopanda chotchinga kuchokera mbali imodzi kufika ina. Mchenga siwofunika kwa nsomba iyi, chifukwa siikwiririka pansi usiku monga zimachitira nsomba za magulu a Halichoeres ndi Macropharyngodon, ngakhale zonsezi zili za banja limodzi.

Za madzi sindichulutsa mawu, pakuti amene ali kale ndi makorali amoyo akuzidziwa: kutentha kwa madigiri 24 mpaka 26, mchere wa magalamu pafupifupi 35 pa lita, umene pachoyezera umaoneka ngati 1.025 kapena 1.026, pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya pakati pa 8.1 ndi 8.4, ndiponso amoniya ndi nitrite (poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba) zosapezeka n'komwe. Thanki ikhale itakhazikika kwa miyezi ingapo, chifukwa nsomba iyi imafuna kudyetsedwa kawirikawiri, ndipo mabakiteriya a m'miyala ayenera kukhala okwanira kuthana ndi zinyalala zake.

Chivundikiro ndicho chinthu chimene ndikufuna kuchitsindika kuposa zina zonse, ndipo chiyenera kukhala pamalo pake nsomba isanagulidwe. Flasher wrasse imadumpha, ndipo sikuti imadumpha chifukwa chakuti madzi aipa kapena yadwala. M'nyanja, pamwamba pake pamakhala mamita ambiri a madzi, choncho ikadzidzimuka kapena ikamathamangira m'mwamba monga imachitira poswana, palibe pamene imathera. M'thanki madzi amathera pa masentimita ochepa, ndipo liwiro lomwelo limaiponya kunja. Chitseko chomenyetsedwa, nyali yoyaka mwadzidzidzi m'chipinda chamdima, kapena nsomba inzake yoithamangitsa kamodzi kokha, n'zokwanira. Ambiri amene anataya nsomba zimenezi anazipeza pansi m'mawa zitauma, ndipo kawirikawiri chivundikiro chinalipo, koma panali kampata pamene padutsa waya wa pampu kapena paipi. Nsombayi ndi yopyapyala ndipo imatha kudutsa pampata umene inu mukuuona ngati wosatheka.

Chivundikiro chabwino ndi cha ukonde woonekera mkati, wa maso a mamilimita 6, wokungidwa pafelemu yogwira bwino m'mphepete monse. Ukonde umalola kuwala kufika kwa makorali, umalola mpweya kulowa ndi kutuluka, ndipo nsomba ikaugunda imabwerera m'madzi osavulala. Galasi limatsekera kutentha mkati, limachepetsa kusinthana kwa mpweya, limadetsedwa ndi mchere wouma, komanso ndi lolimba kwa nsomba yodumpha ndi liwiro. Timabokosi tapulasitiki ta maso aakulu timene ena amaika pamwamba sitithandiza, chifukwa nsombayi imadutsa m'masomo. Musaiwale kutseka pamwamba pa kabokosi kamene madzi amasefukiramo popita kusefa, pakuti nsomba ikagwera mmenemo imavuta kuichotsa. Dziwaninso kuti ukonde umalola madzi kuuma mofulumira, ndipo m'thanki yaing'ono kuuma kumakweza mchere msanga, choncho muziwonjezera tsiku ndi tsiku madzi osefedwa bwino opanda mchere, osati amchere, chifukwa mcherewo suuluka pamodzi ndi nthunzi.

Pogula, musathamangire yowala kwambiri. Pemphani wogulitsa aidyetse inu mukuona, ndipo ngati akukana kapena nsombayo ikungoyang'ana chakudya chikudutsa, isiyeni. Yang'anani msana wake kuchokera pamwamba ngati uli wodzaza mnofu, pakuti nsomba yowonda kuseri kwa mutu yakhala nthawi yaitali osadya mokwanira ndipo siichira kawirikawiri. Yang'ananinso milomo ngati siinang'ambike, maso ngati ali oyera, kapumidwe ngati sikothamanga, ndi kasambiridwe ngati mchira sukulendewera pansi. Pafupifupi nsomba zonse za gulu ili zimene zili pamalonda zimagwidwa m'nyanja, ndipo zisanafike kwa inu zimadutsa m'manja mwa msodzi, wosonkhanitsa, wotumiza kunja ndi wogulitsa, zikuyenda maola ambiri m'timatumba tamadzi ochepa. Kwa ine zimenezi ndi chifukwa chokwanira chakuti munthu asagule mongoyesa, chifukwa nsomba iliyonse yofera m'nyumba mwathu ndi imodzi yochotsedwa pagulu lake pachabe.

Funsani mchere wa madzi a m'sitolo, kapena yezani nokha madzi a m'kathumba ndi choyezera mchere chotchedwa refractometer. Masitolo ambiri amasunga nsomba m'madzi a mchere wochepa, wa 1.020 kapena kutsikirapo, ndipo nsomba imapirira bwino kutsika kwa mchere kusiyana ndi kukwera kwake kwadzidzidzi. Njira imene ndimatsatira ndi yokonza madzi a thanki yobindikiritsira, imene nsomba yatsopano imakhalamo payokha isanalowe m'thanki yaikulu, kuti afanane ndi a m'kathumba, kuyandamitsa kathumbako kwa mphindi 15 kapena 20 kuti kutentha kufanane, n'kusamutsa nsomba yokha popanda madzi ake, ndipo mcherewo ndimaukweza pang'onopang'ono m'masiku otsatira. Njira yodonthezera madzi m'chidebe kwa ola lathunthu ndi yotchuka, koma ili ndi ngozi kwa nsomba imene yayenda ulendo wautali. M'kathumba kotseka, mpweya woipa umene nsomba imapuma umatsitsa pH, ndipo pH yotsika imasunga amoniya mumkhalidwe wosaopsa kwambiri. Mukatsegula, mpweya uja umatuluka, pH imakwera, ndipo amoniya yemweyo amasanduka poizoni wowotcha ziwalo zopumira nsomba ikadali m'chidebemo.

Kubindikiritsa kumatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndipo sikufuna zida zodula. Kathanki ka malita 40 mpaka 60, sefa yasiponji imene yakhala kale m'madzi okhazikika, chotenthetsera madzi, zidutswa za paipi zobisalamo, kuwala kochepa, ndi chivundikiro chothina ngati cha thanki yaikulu, n'zokwanira. Zimene mukuyang'anira ndi matenda a timadontho toyera oyambitsidwa ndi Cryptocaryon irritans, matenda ofulumira kupha a Amyloodinium ocellatum, ndi tinyongolotsi taphanthiphanthi tokanirira pakhungu ndi m'ziwalo zopumira, timene timapezeka kawirikawiri pa nsomba za banja ili. Tinyongolotsito timaphedwa ndi praziquantel, ndipo mankhwalawa amabwerezedwa pakapita pafupifupi mlungu umodzi chifukwa sapha mazira. Pa nthawi imeneyo wonjezerani mpweya m'madzi. Mankhwala a kopa amagwira ntchito pa matenda awiri oyambawo, koma nsomba za banja ili sizimupirira bwino akathiridwa mwadzidzidzi, choncho amakwezedwa pang'onopang'ono mukuyeza, ndipo sathiridwa konse m'thanki ya makorali, chifukwa amapha makorali, nkhono ndi tinkhanu, komanso amalowerera m'miyala. Amene amaona ngati kubindikiritsa n'kotopetsa aganizire kuti matenda a timadontho akalowa m'thanki yaikulu, njira yodalirika ndi kuchotsamo nsomba zonse n'kuisiya yopanda nsomba kwa milungu yoposa khumi. Phindu lina la nthawi imeneyi, limene ine ndimaliona lalikulu mofanana ndi loteteza matenda, ndi lakuti nsomba imaphunzira kudya zakudya zanu popanda wopikisana naye, ndipo imalowa m'thanki yaikulu itanenepa.

Tsopano za anansi ake. Flasher wrasse ndi yofatsa ndipo siidya makorali, nkhono kapena tinkhanu totsuka nsomba ta mtundu wa Lysmata amboinensis, koma kufatsa komweko kumaichititsa kuponderezedwa mosavuta. Imakhala bwino ndi ma goby, ma firefish a gulu la Nemateleotris, ma cardinalfish, komanso ma clownfish a mtundu wa ocellaris ngati ali ndi mbali yawo ya thanki. Imazunzika ikakhala ndi Pseudocheilinus hexataenia, kansomba ka mizere isanu ndi umodzi kamene ambiri amakagula chifukwa n'kotsika mtengo ndipo kamadya tizilombo towononga makorali, komanso ikakhala ndi ma dottyback, ma damselfish ndi ma clownfish aakulu ofiira mwakuda otchedwa maroon. Ngati muli ndi imodzi mwa zimenezi m'thanki ya malita 200, sankhani pakati pa iyo ndi flasher wrasse, pakuti malo othawirako palibe. Nsomba yothamangitsidwa siituluka kukadya, imawonda m'masiku ochepa, ndipo ikapanda kufa ndi njala imafa podumpha.

Ngakhale anansi atakhala ofatsa, ndimalangiza kugwiritsa ntchito kabokosi koonekera mkati, kamabowo, kokolekedwa m'thanki momwemo, kokhala ndi kapaipi kobisalamo ndi chotsekera pamwamba. Nsomba yatsopano imakhala mmenemo masiku awiri kapena atatu, ikuona eni malo ndipo iwo akuiona, koma osakhudzana. Pa nthawiyi inu mumaona amene akulimbana ndi kabokosiko, ndipo mumadziwa ngati ukali wake ukuzirala kapena ukukula. M'thanki yanga, clownfish yaikazi inabwera kudzazungulira kabokosiko poyamba, kenako inataya chidwi n'kubwerera pamalo pake, ndipo chimenecho chinali chizindikiro chimene ndinkadikira. Potulutsa, dyetsani kaye nsomba zonse, chepetsani kuwala, tsegulani kabokosiko mkati mwa madzi, ndipo musiye nsombayo ituluke yokha.

Masiku oyamba amafuna kudziletsa. Nsombayo ikhoza kulowa m'miyala osaonekanso tsiku lonse kapena awiri, ndipo kuphwasula miyala poifunafuna kumangowonjezera mantha ake. Madzulo imalowa mumpata wothina, nthawi zina n'kugona cham'mbali mooneka ngati yafa, mtundu wake utachita mawangamawanga, ndipo imadzikuta ndi zoterera zochokera m'thupi lake, zimene akatswiri amaganiza kuti zimabisa fungo lake kwa adani osaka usiku. M'mawa mukhoza kuona kachidutswa ka zotererazo kakuyandama m'madzi, ndipo si chizindikiro cha matenda. Ngati nyali zanu zili ndi makonzedwe owala ndi kuzima pang'onopang'ono, agwiritseni ntchito, chifukwa nsombayi imafuna nthawi yopeza pogona kusanade, ndipo ndi m'chisisira chomwecho mmene yaimuna imakonda kuonetsa mitundu yake.

Kudyetsa ndi pamene pali vuto lenileni la thanki yaing'ono. Nsomba iyi m'nyanja imadya tsiku lonse, kamodzikamodzi, ndipo mimba yake ndi yaing'ono pamene thupi lake silipuma kusambira. Chakudya chambiri kamodzi patsiku, chimene chimakwanira clownfish, sichiikwanira, chifukwa imadya pang'ono n'kukhuta, zotsala zimawola m'miyala, ndipo pakapita maola ochepa yayambanso kumva njala. Imafunika kudya katatu patsiku kapena kuposerapo, pang'onopang'ono. Ndimaipatsa tinkhanu ting'onoting'ono totchedwa mysis ndi calanus toumitsidwa m'firiji, tina totchedwa brine shrimp towonjezeredwa mavitamini, ndi timibulu touma tating'ono kwambiri, ndipo ndimazithira pafupi ndi pampu kuti madzi azimwaze, pakuti imakonda kuthamangitsa chakudya choyenda kusiyana ndi kutola chogwera pansi. Brine shrimp yokha yosawonjezeredwa kanthu ili ndi chakudya chochepa m'kati mwake, ndipo ndi yothandiza pokopa nsomba yatsopano kuti iyambe kudya, osati kuidyetsa moyo wake wonse. Calanus ndi mysis zili ndi mafuta ndi zinthu zofiiritsa zimene zimathandiza kuti mtundu usafwifwe.

Koma chakudya chilichonse cholowa m'madzi chimasanduka zinyalala zosungunuka zotchedwa nitrate ndi phosphate, ndipo m'malita 200 kuchuluka kwake kumaoneka msanga: ndere zimamera pagalasi ndi pamiyala, ndipo makorali ena amataya mtundu. Apa ena amalakwitsa pochepetsa chakudya cha nsomba kuti apulumutse makorali, ndipo nsomba imawonda mwakachetechete kwa miyezi mpaka kufa popanda chizindikiro cha matenda. Ine ndimaona kuti njira yoyenera ndi kuwonjezera zochotsa zinyalala, osati kuchepetsa chakudya. Ndimasungunula chakudya cha m'firiji m'kamadzi pang'ono n'kukhetsa madziwo ndisanathire, ndimathira chokhacho chimene chitha m'mphindi imodzi, ndimatsuka kawirikawiri skimmer, makina ochotsa zinyalala m'madzi ndi thovu, ndipo ndimasintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi mlungu uliwonse. Ndimayezanso nitrate ndi phosphate pafupipafupi m'miyezi yoyamba kuti ndione kumene zikulowera. Ngati thanki yanu ili kale pamalire, ndere zikukuvutitsani musanawonjezere nsomba, konzani zimenezo poyamba, kapena chepetsani nsomba zina.

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti yaimuna yokhala yokha idzaonetsa mitundu yake kwa yani. Maganizo ogula yaimuna imodzi ndi zazikazi zitatu amamveka bwino, koma ali ndi zovuta ziwiri. Zazikazi sizipezeka kawirikawiri pamalonda chifukwa asodzi amasankha zowala zimene zimagulidwa msanga, ndipo zimene zimapezeka nthawi zambiri zimasintha n'kukhala zazimuna m'thanki, kotero kuti pakapita miyezi mumakhala ndi zazimuna za mtundu umodzi zikumenyana m'malo ochepa. Amene ali ndi mathanki a malita 400 kapena kuposerapo amaika zazimuna za mitundu yosiyana, zonse nthawi imodzi, ndipo zimaonetsana mitundu popanda kuvulazana kwenikweni. M'thanki ngati yanga, imodzi ndiyo yoyenera. N'zoona kuti siidzaonetsa kawirikawiri monga ikanachitira ikanakhala ndi inzake, ndipo mtundu wake ukhoza kuzirala pang'ono, koma imatambasulabe zipsepse kwa nsomba zina, kwa chithunzi chake pagalasi la thanki, ndiponso madzulo popanda chifukwa chooneka. Yanga inayamba kutero itazolowera malo, ndipo nthawi yake imakhala pamene nyali zoyera zazima, zabuluu zokha zitatsala. Ena amaika kalilole pagalasi kuti aiutse. Ndikuvomereza zimenezi ngati zili za mphindi zochepa, koma kalilole wosiyidwa tsiku lonse amapatsa nsomba mdani amene sathawa ndipo sagonja, ndipo nsombayo imatopa, nthawi zina n'kudzivulaza milomo pagalasi.

Kwa ife amene timakhala kumene magetsi amazimazima, pali zinthu ziwiri zowonjezera. Mapampu akaima, mpweya m'madzi umayamba kuchepa, ndipo madzi amchere ofunda amasunga mpweya wochepa kuposa madzi ozizira opanda mchere. Nsomba yothamanga ngati iyi ili m'gulu la zoyamba kuvutika. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire, makamaka kamene kamadziyatsa kokha magetsi akazima, n'kotsika mtengo poyerekeza ndi nsomba imodzi, ndipo amene angakwanitse alumikize pampu imodzi yoyendetsa madzi ku batire lalikulu. Chachiwiri ndi nyali. Magetsi akabwera pakati pa usiku, nyali zina zimayaka ndi mphamvu zonse kapena zimasokoneza nthawi yake, ndipo kuwala kodzidzimutsa koteroko kumatulutsa nsomba pogona ili ndi mantha. Yesani nyali zanu pozizimitsa pakhoma n'kuziyatsanso kuti mudziwe zimene zimachita, ndipo ngati zimaiwala nthawi, zilumikizeni ku chowerengera nthawi chokhala ndi batire lake.

Ulendo wa masiku angapo nawo umafuna kukonzekera, chifukwa nsomba iyi singasiyidwe osadya monga zimasiyidwira nsomba zina zonenepa. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuiphunzitsa timibulu touma ikadali m'thanki yobindikiritsira, posakaniza pang'ono ndi mysis mpaka itayamba kutitola tokha. Ikazolowera, makina odyetsera okha akhoza kuipatsa chakudya masana inu muli kuntchito kapena paulendo. Makinawo amafuna bowo pachivundikiro, ndipo bowolo liyenera kutsekedwa ndi kapaipi kotsikira m'madzi, kamene kamaletsa nsomba kudumphirapo komanso kamasunga timibuluto mpaka titanyowa n'kumira, m'malo moti tiyandame n'kukokedwa ndi madzi osefukira kusefa nsomba isanatione. Ngati mukusiyira munthu wina kuti azidyetsa, muyezereni chakudya cha tsiku lililonse m'timapaketi tosiyana, ndipo mumuonetse ndi manja mmene chivundikiro chimabwezeredwera pamalo pake akatha kudyetsa.